Mliri Ukabuka, Ndani Amasamala Madotolo Ophunzira Opaleshoni?

Tayerekezani kuti nthawi ili cha m'ma 2 koloko usiku. Ambulansi yaima pakhomo la chipatala chachikulu itanyamula mnyamata amene wagwa pa njinga yamoto ya kabaza. Mimba yake yatupa ndipo magazi akutayikira m'kati. Kodi mukuganiza kuti woyamba kudzutsidwa kuti adzamuone ndi ndani? Nthawi zambiri sakhala dotolo wamkulu wa imvi uja. Amakhala dotolo wachinyamata amene akuphunzira ntchito ya opaleshoni. Iyeyu ndi amene amamuyeza wodwalayo, kuitanitsa magazi, kuimbira foni dotolo wamkulu, kenako kusamba m'manja n'kulowa naye ku fiyeta.

Madotolo oterewa kuchipatala amawatchula kuti maregistrar. Ambiri mwa iwo ndi achinyamata anzathu a zaka za m'ma 20 ndi 30, achimwene ndi achemwali athu amene dzana lomweli anali ku sekondale. M'nkhani ino tiona zimene zimachitikira maphunziro awo komanso moyo wawo pamene mliri wabuka m'dziko. Tiona miliri iwiri imene tonse tikuidziwa, wa HIV ndi Edzi komanso wa Covid-19.

Kodi dotolo wa opaleshoni amaphunzira bwanji?

Ulendo wake ndi wautali. Munthu akamaliza Fomu 4 n'kusankhidwa, amayamba ndi chaka chokonzekera, kenako amaphunzira udotolo kwa zaka 5. Sukulu ya udotolo ya College of Medicine ku Blantyre inatsegulidwa m'chaka cha 1991, ndipo tsopano ili pansi pa yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences. Akalandira digiri, dotolo watsopano amagwira ntchito moyang'aniridwa kwa miyezi 18. Akatero m'pamene angathe kupempha malo oti aphunzire ukatswiri wa opaleshoni.

Maphunziro a ukatswiriwa amachitikira pa zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Ena amatsata maphunziro a kuyunivesite, ena amatsata a bungwe la COSECSA, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 kuti lizisula madotolo a opaleshoni m'maiko a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa. Likulu la bungweli lili ku Arusha m'dziko la Tanzania. Maphunziro ake nthawi zambiri amatenga zaka 5: ziwiri zoyambirira ndi za luso lofunika kwa aliyense, zitatu zotsatira ndi za gawo limene wophunzirayo wasankha, kaya ndi la mafupa, la ana kapena la m'mimba. Mukawonkhetsa zonsezi muona kuti kusula katswiri mmodzi kumatenga zaka zoposa 10.

Chofunika kudziwa n'chakuti opaleshoni saphunzira powerenga mabuku okha. Ili ngati ntchito ya utelala kapena ukalipentala, imene imalowa m'manja munthu akamaigwira. Poyamba wophunzira amangoonerera. Kenako amathandizira kugwira zipangizo ndi kusoka bala. Pambuyo pake amachita yekha dotolo wamkulu ataima pambali. Opaleshoni iliyonse imene wachitapo kanthu amailemba m'buku lapadera, ndipo aphunzitsi ake amayang'ana bukulo asanamulole kulemba mayeso omaliza.

Madotolo amenewa ndi ochepa kwambiri. M'chaka cha 2015 gulu la akatswiri lotchedwa Lancet Commission on Global Surgery linapeza kuti anthu 5 biliyoni pa dziko lonse alibe mwayi wolandira opaleshoni yabwino pa nthawi yake komanso pa mtengo umene angakwanitse. Gululi linati pa anthu 100,000 alionse pamafunika akatswiri 20 a opaleshoni, ogonetsa odwala ndi othandiza amayi pobereka. Dziko lathu lili kutali kwambiri ndi chiwerengerochi, n'chifukwa chake maopaleshoni ambiri m'zipatala za m'maboma amachita ndi makiliniko ofesala. Choncho wophunzira mmodzi akadwala, akachedwa kumaliza kapena akasiya, dziko lonse limamva kuwawa.

Mliri wa HIV ndi Edzi: kugwira ntchito ndi magazi tsiku ndi tsiku

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi muno anapezeka m'chaka cha 1985. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mawodi anali atadzaza. Kafukufuku wina amene anachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth, yemwe zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2003, anapeza kuti odwala akuluakulu 70 mwa 100 alionse a m'mawodi a matenda wamba anali ndi kachirombo ka HIV. M'mawodi a opaleshoni anali odwala 36 mwa 100 alionse. Apa n'kuti mankhwala a ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere, pakuti ndondomeko imeneyi inayamba m'chaka cha 2004.

Taganizirani dotolo wachinyamata wa nthawi imeneyo. Manja ake ali m'mimba mwa wodwala, magazi ali ponseponse, akugwiritsa ntchito singano ndi mpeni wakuthwa, iye asanagone usiku wonse. Wophunzira ndi amene amadzibaya kawirikawiri chifukwa manja ake amakhala asanazolowere, komanso ndi amene amapatsidwa ntchito yosoka. Mantha anali aakulu. Ena mwa ogwira ntchito zachipatala anadwala n'kumwalira ngati mmene ankamwalilira anthu ena onse m'dziko, ena anapita kukagwira ntchito kunja, ndipo otsalawo ntchito inawachulukira.

Lero tikudziwa zambiri zimene zimachepetsa manthawa. Akatswiri anapeza kuti mwa anthu 1,000 amene abayidwa ndi singano yokhala ndi magazi a munthu amene ali ndi HIV, pafupifupi atatu ndi amene amatenga kachiromboka ngati sanalandire chithandizo. Magazi akathovukira m'maso kapena m'kamwa, chiopsezo chimakhala chocheperapo, pafupifupi munthu mmodzi mwa 1,000. Kachirombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B ndi kamene kamafala mosavuta kwambiri kudzera mu singano kuposa HIV, koma mwamwayi kali ndi katemera.

Dotolo akadzibaya amayenera kutsuka pamalopo ndi sopo ndi madzi, kuuza akuluakulu ake, kuyezetsa magazi, ndi kuyamba mankhwala oteteza otchedwa PEP. Mankhwalawa amayenera kuyambidwa mwamsanga, pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa kwa masiku 28 osadumphitsa. Achinyamata anzathu, dziwani kuti PEP yemweyu amaperekedwanso kwa munthu amene wagwiriridwa kapena amene kondomu yamuphulikira. Musachedwe kupita kuchipatala chifukwa cha manyazi.

Mliri wa HIV unaphunzitsanso madotolo lamulo limodzi lofunika: magazi a munthu aliyense azisamalidwa mofanana. Magolovesi, magalasi oteteza maso ndi kabokosi kotayamo masingano ndi za wodwala aliyense, osati za amene akuganiziridwa kuti ali ndi kachirombo okha ayi. Munthu amene ali ndi HIV ali ndi ufulu wochitidwa opaleshoni ngati wina aliyense. Ndipo amene akumwa ma ARV mokhulupirika, tizirombo n'kuchepa kwambiri m'thupi mwake, amachira bwino komanso chiopsezo kwa dotolo wake chimachepa.

Covid-19: mafiyeta anangoti zii

Mliri wa Covid-19 unabwera mosiyana. HIV inkadzaza mawodi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, pamene Covid-19 inasintha zinthu m'masabata ochepa. Pa 11 Malichi 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti matendawa ndi mliri wa dziko lonse. Zipatala za m'maiko ambiri zinaimitsa maopaleshoni onse amene akanatha kudikira. Ku England zipatala za boma zinauzidwa kuti ziimitse maopaleshoni otere kuyambira pa 15 Epulo 2020 kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Gulu la ofufuza la COVIDSurg linayerekeza kuti maopaleshoni oposa 28 miliyoni pa dziko lonse akanalephereka kapena kuimitsidwa m'masabata 12 amene mliri unafika pachimake.

Kodi n'chifukwa chiyani anaimitsa? Panali zifukwa zitatu. Choyamba, mabedi, mpweya wa okosijeni ndi anamwino zinkafunika kwa odwala Covid-19. Chachiwiri, polowetsa paipi yopumira kukhosi kwa wodwala amene akugonetsedwa, timadontho ta m'mapapo timauluka m'chipinda chonse ndipo tingapatsire onse amene ali momwemo. Chachitatu, opaleshoni inali yoopsa kwa wodwala amene ali ndi Covid-19. Kafukufuku wa gulu lomwelo pa odwala 1,128 anaonetsa kuti theka la iwo anavutika ndi mapapo atachitidwa opaleshoni, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anamwalira pasanathe masiku 30.

Zimenezi zinapweteka kwambiri ophunzira. Maopaleshoni okonzekera, monga a phudzi, a chithokomiro kapena ochotsa zotupa, ndi amene wophunzira amaphunzirirapo bwino chifukwa pamakhala nthawi yoti mphunzitsi amulangize modekha. Amenewa ndi amene anayamba kuimitsidwa. Maopaleshoni a mwadzidzidzi anapitirira, koma m'zipatala zambiri ankachita ndi madotolo akuluakulu okha pofuna kufulumira, kuchepetsa anthu m'chipinda ndi kusunga zovala zodzitetezera zimene zinali zochepa. Ophunzira ambiri anatumizidwa kukathandiza m'mawodi a Covid-19. Anapulumutsa miyoyo, koma mabuku awo olembamo maopaleshoni aja anakhala ndi masamba opanda kanthu. M'maiko ena mayeso anaimitsidwa ndipo ophunzira ena anawonjezeredwa nthawi ya maphunziro.

Nanga kuno kwathu zinali bwanji?

Pa 20 Malichi 2020 boma linalengeza kuti dziko lino lili pa ngozi, ndipo sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi. Odwala oyamba atatu analengezedwa pa 2 Epulo. M'mwezi womwewo madotolo ndi anamwino m'zipatala zingapo ananyanyala ntchito pofuna kuti apatsidwe zovala zodzitetezera, ndalama ya chiopsezo, komanso kuti boma lilembe antchito ena.

Ndege zochokera kunja zinaimitsidwa kuyambira pa 1 Epulo mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala 2020. Izi zinatanthauza kuti akatswiri a kunja amene amabwera kudzaphunzitsa maopaleshoni ovuta sanathe kufika, ndipo ophunzira athu amene amayenera kukaphunzirako kunja kwa miyezi ingapo anakhala kaye. Maphunziro a m'kalasi anasamukira pa intaneti. Zinathandiza ndithu, chifukwa wophunzira wa ku Lilongwe ankatha kumvera mphunzitsi amene ali ku Nairobi kapena ku London. Komabe netiweki imadukaduka, bando ndi yodula, ndipo palibe amene angaphunzire kusoka matumbo pa foni.

Vuto lina linali la magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limapeza magazi ambiri kuchokera kwa ophunzira a m'masukulu ndi m'makoleji. Sukulu zitatsekedwa, magazi anachepa. Popanda magazi, dotolo sangayambe opaleshoni yaikulu ngakhale atakhala waluso chotani.

Nthawi yowawa kwambiri inali Januwale 2021, pamene mliri unabweranso mwamphamvu. Pa 12 Januwale nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Zipatala zinadzaza, okosijeni anasowa, ndipo boma linatsegula chipatala chongoyembekezera pa bwalo la zamasewero la Bingu ku Lilongwe. Ogwira ntchito zachipatala ambiri anadwala, ndipo otsalawo ankagwira ntchito ya anthu awiri kapena atatu. Mpumulo unayamba kuoneka pamene katemera woyamba, wokwana 360,000, anafika pa 5 Malichi 2021, ndipo ogwira ntchito zachipatala anali m'gulu loyamba kubayidwa.

Bala losaoneka ndi maso

Ngakhale popanda mliri, moyo wa wophunzira opaleshoni ndi wolemetsa. Amagona kuchipatala masiku angapo pa sabata, amaima maola ambiri ku fiyeta, ndipo akaweruka amayenera kuwerenga za mayeso. Mliri unawonjezera katundu pa katundu mnzake.

Choyamba anali mantha a imfa. Bungwe la WHO linayerekeza kuti ogwira ntchito zaumoyo pakati pa 80,000 ndi 180,000 anamwalira ndi Covid-19 pa dziko lonse kuyambira Januwale 2020 mpaka Meyi 2021. Chachiwiri anali mantha opatsira a kunyumba. Madotolo ena ankagona chipinda chaokha, ena anatumiza ana kwa achibale, ena anatha miyezi osakaona makolo awo okalamba kumudzi. Chachitatu chinali chisoni choona wodwala akumwalira chifukwa chosowa mpweya, iwe ukudziwa chochita koma zipangizo palibe. Chachinayi inali nkhawa ya tsogolo: kodi ndimaliza liti, nanga ndikamaliza ndidzakhala ndi luso lokwanira kuima ndekha?

Panalinso kusalidwa. M'chaka cha 2020 nyumba zoulutsa mawu zinalengeza za ogwira ntchito zachipatala m'dziko muno amene ankakanizidwa kukwera minibasi, ndi ena amene eni nyumba ankafuna kuwatulutsa poopa kuti abweretsa matenda. Ife amene takhala tikulimbana ndi mchitidwe wosala anthu amene ali ndi HIV tikuudziwa bwino ululu umenewu. Tsankho limabadwa chifukwa cha mantha ndi kusadziwa, ndipo limachititsa munthu kubisa vuto lake mpaka litakula.

Zonsezi zikaunjikana zimabweretsa kutopa kwa thupi ndi maganizo komwe sikutha ngakhale munthu atagona. WHO imatchula zizindikiro zitatu za kutopa kotereku: kutheratu mphamvu, kuipidwa ndi ntchito imene kale unkaikonda, ndi kulephera kugwira ntchito bwino ngati kale. Ena amasowa tulo, ena sachedwa kupsa mtima, ena amayamba kumwa mowa kwambiri, ndipo ena amadwala matenda a nkhawa. Bungweli linanenanso kuti m'chaka choyamba cha mliri matenda a nkhawa ndi kukhumudwa anakwera ndi 25 pa 100 pa dziko lonse.

Vuto n'lakuti madotolo, makamaka a opaleshoni, anazolowera kuoneka olimba mtima. Wophunzira amaopa kuti akanena kuti watopa, aphunzitsi ake amuona ngati wofooka. Ku America, dotolo wina wa ku New York dzina lake Lorna Breen, yemwe ankatsogolera gawo la odwala mwadzidzidzi, anadzipha mu Epulo 2020 atagwira ntchito pa nthawi yovutitsitsa ya mliri. A m'banja lake anafotokoza kuti ankaopa kuti kupempha chithandizo cha maganizo kumuonongera ntchito. M'chaka cha 2022 dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake lothandiza ogwira ntchito zachipatala pa umoyo wa maganizo. Nkhaniyi ikutikumbutsa kuti dotolo naye ndi munthu, ndipo kupempha uphungu si kufooka.

Taphunzirapo chiyani?

Pa 5 Meyi 2023 WHO inalengeza kuti Covid-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Koma miliri siitha. Kolera amene anabuka m'dziko muno m'chaka cha 2022 ndi umboni wakuti zipatala ziyenera kukhala zokonzeka nthawi zonse. Zina mwa zimene miliri iwiri ija yatiphunzitsa ndi izi:

Zodzitetezera ziyenera kupezeka mliri usanafike. Magolovesi, masiki, katemera ndi PEP si mphatso kwa wogwira ntchito koma ufulu wake.

Maphunziro asamaime kotheratu. Pamene mafiyeta atsekedwa, ophunzira angathe kuyeserera kusoka ndi kumanga mfundo pa zidole ndi zipangizo zoyeserera, kuonera mavidiyo a maopaleshoni, ndi kukambirana za odwala pa intaneti.

Wophunzira ayenera kukhala ndi nthawi yopuma, chakudya ndi malo ogona abwino pamene ali pa ntchito usiku. Dotolo wotopa ndi amene amadzibaya, ndiponso ndi amene angalakwitse.

Pamafunika munthu woti ulankhule naye. Aphunzitsi amene amafunsa ophunzira awo za moyo wawo, magulu a anzawo othandizana ndi alangizi osunga chinsinsi amapulumutsa anthu ambiri.

Nanga ife achinyamata tingachitepo chiyani?

Mwina mukuti nkhaniyi ndi ya madotolo okha. Ayi ndithu. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mu Januwale 2021 mlembi wina wodziwika, a Onjezani Kenani, anatsogolera Amalawi kusonkha ndalama kudzera pa Facebook zogulira masilinda a okosijeni ndi zipangizo zina. Anthu wamba anathandiza zipatala pa nthawi imene zinkafunikadi thandizo. Kalabu yanu nayo ingathe kuchitapo kanthu.

Perekani magazi. Munthu wathanzi wa zaka zoyambira 16 angathe kupereka magazi. Konzani tsiku loti mamembala a kalabu akapereke limodzi, makamaka pa nthawi ya tchuthi pamene magazi amasowa.

Pewani ngozi. Valani chipewa choteteza mutu pokwera njinga yamoto, musakwere anthu atatu kapena anayi pa njinga imodzi, ndipo musalole kunyamulidwa ndi woyendetsa amene waledzera. Ngozi iliyonse imene yapewedwa ndi bedi limodzi lotsalira wodwala wina.

Yezetsani magazi kuti mudziwe mmene mulili. Ngati muli pa ma ARV, imwani mwandondomeko, ndipo mukagonekedwa m'chipatala muwauze adokotala kuti musadumphitse mankhwala. Iwo amasunga chinsinsi.

Kanani mphekesera. Pa nthawi ya Covid-19 mauthenga abodza okhudza katemera ndi zipatala anafala kwambiri pa WhatsApp, ndipo anthu ena anachedwa kupita kuchipatala mpaka matenda atakula. Musanatumize uthenga kwa ena, funsani kaye alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.

Musasale ogwira ntchito zachipatala. Ngati muli ndi m'bale kapena mnansi amene ndi dotolo, namwino kapena kiliniko ofesala, muzimufunsa mmene wadzukira, muzimuthandiza tintchito ta pakhomo, ndipo mukaona kuti wasintha khalidwe mulimbikitseni kuti akalankhule ndi mlangizi.

Ndipo inu amene mumakonda masamu ndi sayansi, makamaka atsikana, limbikirani sukulu. Dziko lino likusowa madotolo a opaleshoni, ndipo amene adzagwire ntchitoyi zaka 15 zikubwerazi ali m'makalabu ngati anuwa lero.

Mafunso okambirana m'kalabu

1. Kodi kusalidwa kwa ogwira ntchito zachipatala pa nthawi ya Covid-19 kukufanana bwanji ndi kusalidwa kwa anthu amene ali ndi HIV?

2. N'chifukwa chiyani achinyamata ambiri, makamaka anyamata, amavutika kunena kuti ali ndi nkhawa? Tingathandizane bwanji?

3. Kodi PEP ndi chiyani, amayenera kuyambidwa pasanathe maola angati, ndipo m'dera lanu lino amapezeka kuti?

4. Ndi zinthu ziti zimene zimalepheretsa achinyamata kupereka magazi? Nanga kalabu yanu ingakonze liti tsiku lokapereka magazi?

Mukakambirana, lembani zimene mwagwirizana ndipo musankhe chinthu chimodzi choti muchite mwezi uno usanathe.